Njinga yanga ikuzima ndikabweza choki: ndingachotse bwanji kabuleta kuti ndiitsuke ndekha?

Wakabaza wa ku Mponela analemba:

Ndikupereka moni kwa nonse, makamaka akuluakulu amene mwakhalitsa pa ntchito yokonza njinga zamoto. Ine ndili ndi njinga ya 125cc, ya injini yofanana ndi ya Honda CG ngati zambiri zimene zadzaza m'misewu yathu, ndipo kwa zaka zitatu ndakhala ndikunyamulira anthu ndi matumba a soya kuchokera m'midzi kubwera pa Mponela. Misewu imene ndimadutsamo ndi yafumbi lokhalokha m'chilimwe chino.

Vuto linayamba mwezi wa Ogasiti. M'mawa njinga inkalira pokhapokha ndikakoka choki (kothandizira kuliza injini yozizira kaja), zimene sizinandidabwitse chifukwa kunali kukuzizirabe, koma tsopano ngakhale injini itenthe chotani, ndikangobweza choki imanjenjemera pang'ono kenako n'kuzima. Ndikaima kuti munthu atsike ndimayenera kugwirabe thirotolo, chopatsira moto chija, ndi dzanja limodzi uku ndikulandira ndalama ndi linalo. Chodabwitsa n'chakuti pamsewu wa tala, ndikaipatsa moto, imathamanga bwinobwino ngati palibe cholakwika. Chinanso n'chakuti ndikaiwala kutseka kampopi ka petulo usiku, m'mawa ndimapeza pansi patanyowa, petulo atadontha kuchokera pa kapaipi kakang'ono kamene kali kunsi kwa kabuleta, chipangizo chosakaniza petulo ndi mpweya zisanalowe mu injini.

Ndapita nayo kawiri kwa wokonza wina. Maulendo onse awiri anangomasula kapu ya pansi kabuleta ili panjinga pomwepo, anatsukuluza ndi petulo, anauzira ndi pakamwa, n'kupotoza sikuluu ya m'mbali. Ulendo woyamba njinga inakhala bwino masiku anayi, wachiwiri inatha sabata. Pulagi ndagula yatsopano koma sizinasinthe. Tsopano ndikufuna kuichotsa ndekha Lamlungu likubwerali, kotero ndikupempha mundithandize: ndiyambire pati pochotsa, ndiyang'ane chiyani ndikaitsegula, ndipo nditsukire chiyani popeza mankhwala opopera aja sapezeka wamba kuno? Anzanga apasiteji akuti ndisolole kawaya kamodzi ka kebulo ya buleki n'kuboolera majeti, tizitsulo ta timabowo todutsamo petulo tija, koma mtima wanga ukukayika. Zida zimene ndili nazo ndi masipanala a 8, 10 ndi 12, masikuludiraiva awiri, pulayala ndi pampu ya njinga yakapalasa.

Makaniko wakale wa ku Biwi anayankha:

Achimwene, mwalongosola bwino kwambiri, ndipo zimene mwalembazi zikuloza malo amodzi. Kabuleta ya mtundu wanuwu ili ndi njira zitatu za petulo zimene zimalandirana ntchito. Jeti yaing'ono, imene timaitcha pailoti jeti, ndi imene imadyetsa injini pamene thirotolo yatsekedwa mpaka itatseguka pafupifupi kotala. Kuchokera pamenepo ntchito imakhala ya singano yolendewera ku silaidi, kachitsulo kamene kamakwera ndi kutsika mkati mwa kabuleta mukapotoza thirotolo, ndipo mukatsegula moto wonse ndi pamene jeti yaikulu, meni jeti, imalamulira. Ndiye njinga imene ikuthamanga bwino pa tala koma ikuzima ikaima, jeti yake yaikulu ili bwino, imene yatsekeka ndi yaing'onoyo kapena tinjira take ta mkati mwa kabuleta. Bowo la pailoti jeti pa njinga za 125cc silifika ngakhale theka la milimita, choncho kamchenga kamodzi n'kokwanira kulitseka. Choki imangobisa matendawo, chifukwa imatchinga mpweya kuti injini ikoke petulo wochuluka kudzera m'njira zimene zikadali zotseguka.

Ntchitoyi muigwirire panja pamthunzi, injini itazizira, kutali ndi mbaula, koloboyi kapena munthu wosuta fodya. Musanamasule chilichonse tsukani kabuleta kunja ndi kaburashi ndi petulo pang'ono, apo ayi fumbi lakunjalo mulilowetsa nokha mkati. Tsekani kampopi, ikani botolo loonekera mkati pansi pa kapaipi kamene kamadontha kaja, ndipo mumasule sikuluu ya kunsi kwa kapu kuti petulo yense wa m'kapu agwere m'botolomo. Petulo ameneyu musamutaye, muike pambali akhazikike. Kenako vulani paipi ya petulo, mumasule kilampu ya labala imene imachokera ku bokosi la mpweya, ndipo mupotoze ndi dzanja chivindikiro cha pamwamba pamene pamalowa kebulo ya thirotolo. Silaidi, sipuling'i ndi singano zidzatulukira limodzi. Zikulungeni m'kajumbo n'kuzisiya zikulendewera ku kebuloko, koma musamale kuti singano isagunde chitsulo, chifukwa ikapindika pang'ono pokha siwongoleka. Akatsala ndi manati awiri a sipanala 10 amene agwira kabuleta ku manifodi, kapaipi kolumikiza kabuleta ndi injini. Mukaichotsa tsekani bowo la manifodi ndi kansalu koyera nthawi yomweyo. Ndinaonapo washala itagwera mmenemo mwini wake osadziwa, ndipo ntchito ya ola limodzi inasanduka yotsegula injini.

Yalani nsalu yoyera patebulo, mupeze thireyi ya mazira yoikamo tizitsulo motsatana ndi mmene mukutichotsera, ndipo muzijambula ndi foni musanachotse chilichonse. Masikuluu a kapu ndi ofewa, ndipo pa makabuleta a ku Japan monga Keihin ndi Mikuni mitu yake inadulidwa mosiyana pang'ono ndi masikuluu wamba a mtanda otchedwa Phillips, n'chifukwa chake anthu ambiri amaitafuna. Sankhani sikuludiraiva yokhala bwino m'mutumo, muikanikize mwamphamvu ndi chikhatho musanapotoze, ndipo ikakana muigogode pang'ono kumbuyo ndi kamtengo.

Kapu ikatseguka musathamangire kuitsuka, chifukwa zimene zadikha pansi pake ndi zimene zikuuzeni kumene vuto lanu likuchokera. Mukapeza tizidutswa tofiirira ngati ufa wa njerwa, limenelo ndi dzimbiri la m'thanki. Mukapeza ufa woyera wokakamira kuchitsulo, dziwani kuti m'kapumo munakhalitsa madzi. Zomata zachikasu kapena zobiriwira ngati ulimbo zimabwera ndi petulo wogonera nthawi yaitali, pamene tinyenyeswa takuda ndi paipi ya petulo imene ikufumbutuka mkati ngakhale kunja ikuoneka yabwino. Wokonza wanu uja akanayang'ana zimenezi bwenzi musanapiteko kachiwiri.

Fuloti, choyandama chija cha m'kapu, imagwiridwa ndi kapini kopingasa pakati pa tinsanamira tiwiri. Kakankheni mofatsa ndi msomali waung'ono, osamenya ndi hamala, chifukwa kansanamira kakathyoka ndiye kuti kabuleta yonse yatha ntchito. Igwedezeni fulotiyo pafupi ndi khutu. Mukamva petulo akukhuchumuka mkati ndiye kuti inabooka ndipo ikumira. Pa fuloti pamalendewera kavavu kakang'ono ka nsonga ya labala, kamene kamatseka petulo kapu ikadzaza, ndipo kudontha kwa usiku kuja kukuchokera pamenepa. Yang'anani nsongayo padzuwa. Ngati yazunguliridwa ndi kamzera kodyeka kamene chikhadabo chikukodwapo, kutsuka sikuthandiza, kafunika katsopano. Ngati ili yosalala, ndiye kuti panali kachitsotso pamene kamakhalapo, ndipo mupukutepo ndi thonje lokulunga ku kamtengo ka machesi.

Majeti ndi amkuwa, choncho sikuludiraiva yake ikhale yodzaza bwino mumpata, chifukwa yaing'ono imang'amba milomo ya jeti. Yaikulu ili pakati, yomangidwa pa kachubu kamene kali ndi timabowo m'mbali, ndipo kachubuko mukamasulenso. Pamwamba pake pamakhala kamphete kamkuwa kodutsamo singano, kamene kamagwa kokha anthu osakaona, ndiye muonetsetse mbali imene kanayang'ana. Yaing'ono ili pambali pake. Ikwezeni m'mwamba muyang'ane kuwala kudzera m'bowo lake: bowo labwino limaoneka lozungulira ngati mwezi wathunthu, pamene lotsekeka pang'ono limaoneka ngati mwezi wokhala kumene, ndipo limenelo n'lokwanira kuzimitsa njinga.

Sikuluu ya m'mbali imene wokonza wanu ankapotoza ija musangoimasula. Yambani mwailowetsa mkati pang'onopang'ono mukuwerenga kuti yazungulira kangati mpaka itagunda mofewa, mulembe nambalayo, kenako muitulutse. Kumbuyo kwake kuli kasipuling'i, kawashala ndi kamphete ka labala, ndipo tiwiri tomalizati timakonda kutsalira m'bowo.

Za kawaya ka buleki, mtima wanu wakayika moyenera. Waya wachitsulo ndi wolimba kuposa mkuwa, kotero amakanda bowolo n'kulikulitsa, ndipo njinga imayamba kumwa petulo mwini wake osadziwa chifukwa chake. Ngati bowo lakanika kutseguka, sololani kaulusi kamodzi ka kopa m'waya wamagetsi wofewa uja, kapena mudule tsitsi limodzi la burashi ya nayiloni. Mankhwala opopera mukawapeza ndi abwino, koma asakhudze labala aliyense. Mukapanda kuwapeza, viikani majeti okha mu thina wosungunulira penti kwa theka la ola, thupi la kabuleta mulitsuke ndi petulo woyera ndi mswachi wakale, ndipo mugule jakisoni wopanda singano kufamase kuti muzikankhira petulo m'njira iliyonse. Apa ndi pamene pagona ntchito yonse. Mukakankha petulo m'bowo limene munachotsamo pailoti jeti, ayenera kutulukira pa timabowo ting'onoting'ono ta pakhosi pa kabuleta kumbali ya injini, komanso pa kabowo ka mpweya ka kukamwa kwake. Tsekani kwina ndi chala kuti muone kuti njira iliyonse ikutulutsa payokha, maso mutawatalikitsa. Pomaliza uzirani ndi pampu yanu ija, kabuleta ikadali yophwasula. Mphepo yamphamvu pa kabuleta yomanga imaphwanya fuloti.

Pomanga, majeti angogwira, osawalimbitsa ngati bawuti ya tayala. Musanatseke kapu, lumikizani kapaipi koyera polowera petulo ndipo muuzire ndi pakamwa: kabuleta ikakhala choimirira mpweya udutse, mukaizondotsa utsekeke. Ukapitirira kudutsa, kavavu kaja sikakutseka ndipo njinga idzadonthabe.

Mlangizi wa zaumoyo wa ku Chikwawa anayankha:

Bambo a ku Biwi afotokoza za kabuleta mokwanira, ine ndingowonjezera pa mawu amodzi amene achimwene a ku Mponela analemba, akuti njinga inakhala bwino masiku anayi kenako vuto n'kubwerera. Ine si makaniko, ndine mayi amene ndimayenda pa njinga yamoto kukafika kumidzi ya kutali kukachita sikelo ya ana, ndipo zofanana ndi zimenezi zinandivutitsa chaka chathunthu. Kabuleta inatsukidwa katatu, koma litsiro silibadwira m'kabuleta, limachita kubwera, ndipo mukatsuka kunsi n'kusiya kumtunda kuli kwakuda ndiye kuti mwangogula masiku ochepa.

Tsiku lina njinga inandizimira pakati pa minda, dzuwa lili paliwombo, mankhwala a katemera ali m'bokosi kumbuyo. Mnyamata wina wodutsa anandithandiza kukhetsera petulo wa m'kapu m'botolo la madzi akumwa, ndipo titaliimika pamwala kwa mphindi zochepa tinaona pansi pake padikha madzi okwana supuni imodzi, akugubuduka ngati mkanda pamene petulo ali pamwamba. Masabata amenewo mafuta ankasowa ndipo ndinkagula wa m'zigubu, zimene zina zimakhala zotungiranso madzi. Komanso tisaiwale kuti petulo wa kuno ku Malawi amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe, amene amapangidwa ku Dwangwa ndi kuno ku Chikwawa. Ethanol amayatsa injini bwinobwino, koma chibadwa chake n'chakuti amakoka chinyezi, ndipo madziwo akachuluka amapatukana ndi petulo n'kukhala pansi pa thanki, pamene amayambitsa dzimbiri. Thanki imene imakhala ndi lita imodzi kapena awiri masiku onse, ngati mmene amachitira akabaza ambiri pothira pang'onopang'ono, imakhala ndi mpata waukulu wa mpweya wonyowa, komanso imakakamiza munthu kuyendera pa RES, malo a kampopi otsegulira petulo wotsalira, amene amakoka petulo wa pansi penipeni pamene pali zinyalala zonse.

Choncho, achimwene, Lamlungu limenelo musathere pa kabuleta. Khuthulani thanki yonse m'chidebe choyera, mumasule kampopi, ndipo muone kasefa kamene kamalowa m'thanki ngati sikanang'ambike. Timipopi tina tili ndi kakapu kunsi kwake kosungira zinyalala, kameneko mukatsukenso. Unikani m'thanki ndi tochi ya foni, osati machesi. Ngati muli dzimbiri, thirani petulo pang'ono ndi manati oyera angapo amene mwawawerenga, mukhutchumule kwa nthawi, mutsanule, ndipo mubwereze mpaka petulo azituluka woyera, kenako muwerengenso manatiwo potulutsa. Kuchokera nthawi imeneyo ine ndinaikitsa kasefa koonekera mkati pa paipi ya petulo, ndipo ndikakakamizika kugula wa m'chigubu ndimayamba ndamuika m'botolo kuti ndimuone asanalowe m'thanki.

Wokonza njinga wa ku Dedza anayankha:

Ndikugwirizana ndi akuluakulu a ku Biwi pa zambiri, ndipo zimene anena amayi a ku Chikwawa ndi zimene ndimauza makasitomala anga tsiku ndi tsiku. Koma pali malo amodzi pamene ndikupempha kusiyana nawo pang'ono. Akuti muwerenge mmene sikuluu ya m'mbali yazungulirira n'kuibwezera pomwepo. Langizo limenelo ndi labwino pa kabuleta imene sinagwidwepo, koma iyi yapotozedwa kawiri ndi munthu amene ankafuna kubisa jeti yotsekeka, ndiye nambala imene muipezeyo ikhoza kukhala yolakwika kale. Ilembeni ndithu, koma mukapeza kuti inatulutsidwa maulendo anayi kapena kuposa, musaibwezere pamenepo. Pa makabuleta ambiri a mtundu umenewu poyambira pabwino ndi kuzungulira kamodzi ndi theka kufika kawiri kuchokera pamene yagunda.

Muyeneranso kudziwa kuti sikuluu imeneyi ndi ya chiyani, chifukwa zilipo za mitundu iwiri. Ikakhala kumbali ya injini, kutsogolo kwa silaidi, imalamulira petulo ndipo mukaitulutsa mukuwonjezera petulo. Ikakhala kumbali ya bokosi la mpweya imalamulira mpweya, ndipo mukaitulutsa mukuchepetsa mphamvu ya petulo m'chisakanizocho. Musaisokoneze ndi sikuluu ina yaikulu ya sipuling'i yoonekera kunja, imene ntchito yake ndi kungokweza kapena kutsitsa silaidi. Kachunidwe kake n'kotere: yendani ndi njinga mphindi khumi kuti itenthe, muikweze kulira pang'ono ndi sikuluu yaikuluyo, kenako muzipotoza yaing'onoyo kotala kotala mukudikira kuti injini iyankhe. Pamene yalira mokwera ndi mosalala ndi pomwepo. Mukatero tsitsani ndi yaikulu ija mpaka izilira modekha osazima, ikuzungulira cha m'ma 1,400 pa mphindi ngati njinga yanu ili ndi geji yake. Nambala imene imagwira kwa mnzanu si lamulo kwa inu, chifukwa ngakhale malo amasintha zinthu: kuno ku Dedza tili pamtunda wa mamita oposa 1,500 ndipo mpweya ndi wopepuka, pamene kwa amayi ku Chikwawa ndi kuchigwa, choncho njinga yochunidwa kuno ikatsikira kumeneko imapezeka kuti petulo wachepa poyerekeza ndi mpweya.

Chachiwiri, njinga yofuna choki nthawi zonse sikuti ndi jeti yokha. Ikhoza kukhala kuti ikuba mpweya pakati pa kabuleta ndi injini. Mukachotsa kabuleta yang'anitsitsani manifodi: ngati ndi yalabala ipindeni ndi zala muone ngati ilibe ming'alu, ndipo muone kamphete ka labala kamene kali pankhope ya kabuleta ngati sikanaphwatalale kapena kuduka. Chizindikiro cha kuba mpweya n'chakuti mukapatsa moto n'kusiya, injini imachedwa kutsika. Sefa ya mpweya nayo muitsegule, popeza mwati mumayenda m'fumbi. Yasiponji imachapidwa ndi parafini, kuifinya osaipotokola, kuiumitsa, n'kuidontheza oyilo wa injini pang'ono kuti izigwira fumbi. Yapepala sichapidwa, imangosinthidwa. Ndimaona anyamata ambiri atachotseratu sefa poganiza kuti njinga ikoka bwino, osadziwa kuti fumbi limenelo likudya silaidi, pisitoni ndi maring'i.

Chomaliza ndi chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri kwa munthu amene akuchita koyamba. Silaidi ili ndi mpata wautali mbali imodzi, umene uyenera kulowa pa kapini ka mkati mwa kabuleta, ndipo kunsi kwake mbali yosemedwa iyenera kuyang'ana ku bokosi la mpweya. Mukailowetsa mopotoka imakakamira m'mwamba, chivindikiro n'kutsekeka ndithu, ndipo mukaliza njinga imalira moto wonse nthawi yomweyo. Musanalize, potozani thirotolo n'kuisiya kangapo. Muyenera kumva silaidi ikugwa pansi ndi kaphokoso kakuti tha. Mutembenuzenso mahandulo uku ndi uku kuti muone kuti kebulo sikukokeka. Kakilipi ka pa singano mukasiye pa mzera umene mwakapeza.

Wakabaza wa ku Mponela analembanso:

Zikomo kwambiri nonse atatu, ntchito ija ndinaigwira dzulo ndipo inanditengera kuyambira m'ma 8 koloko m'mawa mpaka masana. Ndikufuna ndikufotokozereni zimene ndinapeza, chifukwa aliyense wa inu ananena zoona pa mbali yake.

Botolo lija nditaliimika pawindo, pansi pake panadikha timadontho ta madzi, ochepa koma ooneka. M'kapu munali ufa wofiirira umene unaunjikana pakona pafupi ndi sikuluu yokhetsera, ndipo nditaupaka pakati pa zala unali wokhakhala ngati mchenga wa kudambo. Jeti yaikulu inali yoyera. Yaing'ono nditaikweza kudzuwa sindinaone kuwala ngakhale pang'ono, mpaka ndinayamba kuganiza kuti mwina inapangidwa yopanda bowo. Ndinaiviika mu thina, ndinadutsitsa kaulusi ka kopa, ndipo kachitsotso kakuda kanatuluka n'kugwera pansalu, kochepa kuposa njere ya fodya. Ndi jakisoni uja petulo anayamba watulukira kukamwa kokha, koma nditatseka kumeneko ndi chala n'kukankha kachitatu, anathovoka pa kabowo ka pakhosi.

Sikuluu ya m'mbali ili kumbali ya injini, ndipo ndinaipeza itatulutsidwa maulendo anayi ndi theka, monga momwe achimwene a ku Dedza anakayikira. Ndinaibwezera pawiri. Kamphete kake ka labala ndinakapeza kali m'bowo, kataphwatalala koma kosaduka. Manifodi ilibe mng'alu. Amayi a ku Chikwawa, kasefa ka m'thanki ndinakapeza katang'ambika m'mbali, ndipo m'thankimo munatuluka dzimbiri lodzaza chivindikiro cha botolo, kotero ndagula kampopi katsopano ndi kasefa koonekera mkati kaja. Siponji ya mpweya inali youma gwa, yofiira ndi fumbi.

Tsopano njinga ikulira kiki imodzi, ndipo lero ndaima pasiteji manja onse ali m'thumba iyo ikulira yokha modekha. Chatsala ndi kavavu ka fuloti. Nsonga yake ili ndi kamzera kamene chikhadabo chikukodwapo, ndipo nditazondotsa kabuleta n'kuuzira, mpweya umadutsabe pang'ono. Ndakabwezera momwemo chifukwa kuno sindinakapeze. Kodi ndingayende nako mpaka liti, ndipo kodi ndingapinde kalilime ka fuloti kuti kazitseka msanga monga mnzanga wina wandiuzira?

Makaniko wakale wa ku Biwi anayankhanso:

Mwagwira ntchito yabwino, achimwene, ndipo a ku Dedza anakonza bwino mawu anga pa za sikuluu ija. Kalilime ka fuloti musakapinde. Ntchito yake ndi kuika mlingo wa petulo m'kapu, ndipo mukakapinda kuti mutseke kudontha mudzatsitsa mlingowo, njinga n'kuyamba kutsamwa pokwera mtunda ndi katundu, pamene kavavu kodyekako kakudonthabe. Mukhoza kuyenda nako masiku ochepa malinga muzitseka kampopi nthawi iliyonse mukaimika njinga, ngakhale kwa theka la ola. Kuopsa kwake si petulo wotayika pansi yekha. Kapaipi kotayira kaja kakatsekeka ndi matope, petulo amasefukira m'khosi, n'kudutsa pa vavu ya injini mpaka kukasakanikirana ndi oyilo. Popeza yakhala ikudontha kwa miyezi, sololani kamtengo koyezera oyilo mununkhize, ndipo mukamva fungo la petulo kapena mukaona kuti oyilo wakwera kuposa mzera wake, musinthe musananyamule munthu wina.

Mukamapita kukagula, tengani kavavu kakaleko m'thumba kuti mukayerekeze kutalika ndi kunenepa kwake, chifukwa timafanana m'maso koma timasiyana. Ngati akugulitsa paketi yonse ya zokonzera kabuleta, mutengemo kavavu, gasiketi ya kapu ndi timphete ta labala, koma majeti anu akale muwasunge panjinga. A m'mapaketi otchipa nthawi zina amalembedwa nambala yofanana pamene bowo lake ndi losiyana. Kasefa katsopano kaja muonetsetse kuti muvi wake waloza ku kabuleta, ndipo kwa masabata awiri oyambirira muzikayang'ana madzulo aliwonse, chifukwa thanki imene yachita dzimbiri imapitiriza kugwetsa tizidutswa ngakhale itatsukidwa. Mukayenda makilomita 50 kapena kuposerapo, masulani pulagi muone nsonga yake: ikakhala yofiirira ngati tiyi wamkaka ndiye kuti mwachuna bwino, ikada ndi mwaye lowetsani sikuluu yaing'ono ya m'mbali ija kotala, ikayera mbee itulutseni kotala, ndipo mudzatiuze mtundu umene mwaupeza.